Banja Lokangana Mwaulemu

Ndakhala nkhoswe ya mabanja angapo, ndipo ndamvapo mawu a mitundumitundu amene anthu okwatirana amagendana nawo akatopetsana. Ndinakambapo nkhani ya mayi amene anathira madzi otsukira nsomba m'nsapato za mwamuna wake Lamlungu m'mawa. Ndinakambaponso ya bambo amene anakhala miyezi iwiri osalankhula chifukwa mkazi wake anamuseka pa maliro atayambitsa nyimbo molakwika. Onsewo alipobe m'mabanja mwawo mpaka lero. Koma banja lokangana mwaulemu ngati la mwana wa mchemwali wanga ndinali ndisanalionepo, ndipo ulemu umenewo unatsala pang'ono kulimaliza.

Mwanayo amayanika usipa ku Senga Bay. Ali ndi matandala atatu oyanikapo nsombazo kuseri kwa nyumba ya amayi ake, ndipo akamakangana ndi ogula ochokera ku Lilongwe mawu ake amamveka mpaka pamsewu. Mwamuna wake kwawo n'ku Chinguluwe, koma pa nthawiyo ankagwira ntchito yoperekera zakudya pa loji ina. Ankakhala chikamwini, m'kanyumba ka malata kamene anamanga yekha pa malo a mchemwali wangayo. Ndine ndinaima kuchikazi pa chinkhoswe chawo, ndipo kwa zaka zisanu ndi chimodzi sanandivutitse. Ankakangana ndithu, koma mikangano yake inali ya tsiku limodzi, yotha mbale zisanatsukidwe.

Ine ndinapuma ntchito ku positi ofesi ku Salima, ndipo chimwalirire mkazi wanga zaka zinayi zapitazo ndimakhala ndekha. Masiku anga amathera ku kadimba kanga, pa kuwerenga Mawu ndi pa ntchito za mpingo. Anthu amati ndine wochedwa kuweruza. Mkazi wanga ankanena mosabisa kuti ine ndikamamaliza kuganiza, mlandu umakhala utakalamba n'kufa wokha.

Tsiku lina m'mawa ndikuthirira tomato, mchemwali wanga anangotulukira pampanda osaodira n'komwe.

"Achimwene, m'nyumba muja mwazizira ngati muli maliro."

"Wadwala ndani?"

"Palibe. Akanadwala bola, tikanapita naye kuchipatala. Mwezi wathunthu tsopano sindinamve ngakhale mbale ikugwa. Uyu ali pakhonde ndi foni, uyo ali m'nyumba ndi foni. Ya uyu ikangosiya kulira, ya uyo yayamba. Anthu ogona pa mphasa imodzi kumalemberana makalata! Ndiye dzulo mkamwini wanyamula kachikwama, akuti azikagona kuntchito."

Nkhani yake inali iyi. Bambo a mkamwiniyo anafa ziwalo mbali imodzi, ndipo munda wawo wa mpunga ku sikimu ya ulimi wothirira unalibe woulima. Mkamwiniyo ankafuna kusiya ntchito, kupempha chitengwa ndi kusamuka ndi mkazi wake kupita ku Chinguluwe. Mkaziyo anakana. Nkhani zotere si zachilendo, timazikamba chaka ndi chaka. Chimene chinandiopsa n'choti mwamuna anatuluka m'nyumba popanda aliyense kumva phokoso. Kwathu kuno mwamuna akanyamula chikwama uku akukalipa, madzulo ake abwera kudzafunsa ndiwo. Akanyamula ali chete, ndiye kuti watsimikiza.

Ndinapita kumatandala. Ndinamupeza mwanayo akutembenuza usipa, foni ili m'chitenje. Atandipatsa moni ndinamufunsa kuti zikuyenda bwanji, ndipo m'malo moyankha anapukuta manja n'kundipatsa foniyo.

"Werengani nokha, amalume. Ndi zimene alemba dzulo."

Uthengawo unayamba motere: "Wokondedwa wanga, choyamba ndikufuna kukuthokoza chifukwa chondiuza maganizo ako momasuka. Ndikumvetsa kuti nkhaniyi ndi yovuta kwa tonse awiri. Komabe ndikufuna undimvetse pa mfundo zitatu izi." Mfundozo zinali ndi manambala, ndipo pamapeto pake panali mawu oti iye amalemekeza maganizo a mkazi wake ngakhale sakugwirizana nawo.

Ndinawerenga kawiri, ndipo ndinachita manyazi. Zaka makumi atatu ndi zisanu ndinakhala ndi mkazi wanga, sindinamuthokozepo chifukwa chondiuza maganizo ake momasuka, chonsecho ankandiuza tsiku lililonse, nthawi zina ndisanasukusule n'komwe.

Masana ake ndinakapeza mkamwini pa geti la kuseri kwa loji, atavala malaya oyera a ntchito. Anandilandira ndi manja awiri, ndipo nayenso anatulutsa foni. Uthenga wa mkazi wake unayamba ndi kuthokoza chifukwa chomuuza maganizo ake momasuka. Nayenso ankamvetsa kuti nkhaniyi ndi yovuta kwa onse awiri. Kusiyana kwake kunali koti iye anali ndi mfundo zinayi.

Ndinabwerera kunyumba ndikuyamika Mulungu kuti ana a masiku ano sukulu yawapindulira. Ndinauza mchemwali wanga kuti asadandaule, anthu olemberana chonchi sangasiyane. Anandiyang'ana ngati mmene amayang'anira nsomba ya dzana.

Panapita masiku atatu ndisanazindikire uchitsiru wanga, ndipo chimene chinanditsegula maso ndi ntchito yanga yakale. Ku positi kuja amayi osadziwa kulemba ankandipempha kuti ndiwalembere makalata opita kwa amuna awo ku Joni. Mayi ankabwera atakwiya, n'kunena kuti, "Muuzeni galu ameneyo kuti denga likudontha." Ine ndinkalemba kuti, "Mwamuna wanga wokondedwa, ndili wokondwa kukulemberani kalatayi." Makalata onse a m'dera lathu ankayamba ndi chikondwerero chomwecho, chifukwa wokondwayo ndinali ine. Tsono nditakumbukira zimenezi ndinadzifunsa kuti mwana uja, amene amatcha ogula ake akuba ovala mataye, mawu oti "komabe" anawatola kuti?

Nditamufunsa anaseka.

"Amalume, mesa ndi AI! Mumakhala dziko liti? Umangochiuza vuto lako, icho chimakuyankha ngati munthu. Ukafuna chimakulemberanso choti utumize."

"Nanga akuyankhayo ndani?"

"Palibe. Ndi makina basi, koma anzeru kuposa tonsefe. Taonani."

Anakhala pa chidebe n'kulemba ndi zala zonunkha usipa kuti mwamuna wake akufuna kumuchotsa pa malo a amayi ake ndi kumusiyitsa bizinesi imene anaiyamba yekha. Ndisanamalize kupukuta magalasi, yankho linali litafika kale. Linati maganizo ake ndi omveka, kuti wagwira ntchito molimbika, ndipo kuti ali ndi ufulu wonena zimene akufuna pa moyo wake.

"Mwaona? Ngakhale ichi chikuona kuti wolakwiridwa ndine."

"Nanga mwamuna wako chimamuuza chiyani?"

"Kaya. Mwina chimamudzudzula."

Sichinkamudzudzula. Nditapitanso ku geti kuja, mkamwini anandionetsa mosangalala mmene chinamuuzira kuti maganizo ake ndi omveka, kuti kusamala makolo ndi chinthu cholemekezeka, ndipo kuti ali ndi ufulu woyembekeza kuti mkazi wake amuthandize. Choncho kwa mwezi wathunthu chinthu chimodzi chinkalemba kalata pakhonde, n'kuthamangira m'nyumba kukaiyankha chokha, n'kubwereranso pakhonde kudzathokoza chifukwa cha yankholo. Eni banja ntchito yawo inali yogula bando ndi kudina potumizira.

Sabata yomweyo ndinamva pa wailesi anthu ophunzira akukambirana ngati dziko lathu lili lokonzeka kulandira makina amenewa. Ankanena za magetsi, za netiweki, za malamulo, ndipo onse anagwirizana kuti tikadali kutali. Ine ndinaona ngati akutinyoza. Tinakonzeka kalekale ife. Munthu wotiuza kuti olakwa si ife takhala tikumufunafuna chibadwire. Tamukwerera minibasi mpaka kumapiri, tamuperekera nkhuku, tamuimbira nyimbo pa misonkhano, tagona pa bwalo la mpira kudikira kuti atisanjike manja. Lero wabwera yekha, wakhala m'thumba, sapempha nkhuku, ndiye wina azifunsa ngati tili okonzeka? Kumpingo kwathu nako ndinayamba kumumva. Zolengeza za alembi zinayamba kukhala ndi mfundo zitatu. Mtsogoleri wa achinyamata, amene kale sankatha kutseka pemphero osabwereza mawu amodzimodzi kasanu, anayamba kupemphera mosalala ngati wowerenga nkhani, diso limodzi lili chotsegula.

Koma ndisadziyeretse. Mwana wanga wa ku Lilongwe anandigulira foni yamakono, ndipo ndinapempha mwana wa mchemwali wangayo kuti andiikiremo chinthucho. Ndinamuuza kuti ndikufuna kuchidziwa bwino ndisanaitane ankhoswe a kuchimuna, ndipo mbali ina zinali zoona.

Masana ena nditakhala pakhonde ndinachiuza nkhani imene sindinauzepo munthu. Tili achinyamata ananditumiza kukagwira ntchito kutali kumpoto, ndipo ndinapita ndi mkazi wanga. Kunabwera uthenga woti amayi ake akudwala. Iye anapempha kuti apite, ine ndinati adikire mwezi uthe, chifukwa ndinali nditangoyamba kumene ntchito ndipo sindinkafuna kudziphikira. Amayiwo sanadikire mwezi. Mkazi wanga anakafika atawaika kale.

Ndinalemba zonsezi pang'onopang'ono ndi chala chimodzi. Chinandiyankha kuti ndinali wachinyamata pa malo achilendo, kuti sindikanadziwa zimene zichitike, kuti kudandaula kwanga kukusonyeza kuti ndinkamukonda kwambiri mkazi wanga, ndipo kuti ndidzikomere mtima. Ndinalira. Kwa masiku awiri ndinayenda mopepuka ngati munthu wotula thumba la chimanga. Tsiku lachitatu ndikuthira tiyi ndinakumbukira mmene mwini wake nkhaniyo ankaimalizira. Inkatuluka mwina kamodzi pa zaka ziwiri, ndipo iye sankakweza mawu. Ankangoti, "Munalakwa, bambo. Tiyi wanu uyo." Sananenepo kuti ndinali wachinyamata. Ankadziwa kuti ndinali ndi zaka zokwanira kuphika nyemba. Ndinaona kuti ndapita kukapempha chikhululukiro kwa amene sindinamulakwire, ndipo anandipatsa mwachangu chifukwa sichinali chake.

Ndinaitanitsa bwalo la ankhoswe Loweruka m'mawa, pakhonde la mchemwali wanga. Nkhoswe ya kuchimuna anali malume ake a mkamwini, mphunzitsi wamkulu pa sukulu ina cha ku Maganga. Anafika pa kabaza wa njinga yamoto, atavala taye, ndipo asanakhale n'komwe anandiuza kuti pofika masana ayenera kukhala ali ku Salima. Mkamwini anakhala pa kampando pafupi ndi malume ake. Mkazi wake anakhala pa mphasa mbali yanga. Mchemwali wanga, poti mpongozi ndi mkamwini sayang'anizana, anakhala m'nyumba kuseri kwa chitseko chotsegula pang'ono. Mwambo umamuletsa kulankhula ndi mkamwini, koma palibe mwambo womuletsa kulankhula ndi chitseko.

"Ankhoswe anzanga," anayamba aphunzitsi aja akutulutsa foni, "masiku ano zinthu zinaphweka. Nkhani yonseyi ndailowetsa kale muno ndikudikira kabaza. Yatuluka ndi mfundo zisanu. Tingowerenga, anawa avomereze, aliyense azipita ku ntchito zake."

"Tiyambe tapemphera," ndinatero.

"Pempheronso likhoza kutuluka. Ndingochiuza kuti likhale lalifupi."

Ndinawathokoza n'kunena kuti ndigwiritsa ntchito langa lakale lomwe lija.

Titati ameni, mkamwini anaimirira n'kuwerenga mawu ake pa foni. Anathokoza tonse chifukwa chopatula nthawi yathu. Anati iye amakhulupirira kuti banja lolimba limamangidwa pa kumvetsetsana. Ankawerenga ngati mwana wa sitandade sikisi pa tsiku lotsekera sukulu, ndipo pena ankapunthwa pa mawu ake omwe. Atakhala pansi ndinatembenukira kwa mkazi wake. Anali ataweramira pa foni, zala zikuthamanga.

"Mwamva zimene anena amuna anu?"

"Ndamva, amalume. Dikirani pang'ono, ikuzungulira."

Netiweki pa khonde limenelo imavuta. Anaimirira, n'kupita kumapeto kwa khonde, n'kukweza foni m'mwamba. Aphunzitsi aja anakweza yawo n'kumulangiza kuti ayang'anitse cha kumsewu. Mkamwini naye anakweza yake kuti aone ngati vuto lili kwa onse. Ndinakhala pamenepo ndikuona anthu atatu akuluakulu atakweza manja kumwamba, nkhope zili zodikira, ndipo ndinaganiza kuti kumpingo takhala tikupempha chidwi chotere kwa zaka zambiri osachipeza.

"Chitseko iwe, taona," anatero mchemwali wanga m'nyumba muja. "Ndinabereka mwana wa pakamwa ngati wailesi. Lero akudikira chilolezo kwa foni kuti ayankhe mwamuna wake."

Atakhalanso pansi ndinapempha kulankhula.

"Ankhoswe anzanga, mundikhululukire, ine ndine wachikale. Pa bwalo ngati lino aliyense amakhala ndi mbali yake. Inu muli kuchimuna, ine ndili kuchikazi. Nanga mlendo amene ali m'manja mwanuyo ali mbali iti?"

"Alibe mbali. Ubwino wake ndi umenewo."

"Kwa mwana wathuyu wakhala akunena kuti wolakwiridwa ndi iyeyu. Kwa mwana wanuyo wakhala akunenanso zomwezo. Ndaziona ndi maso anga konse kuwiri. Munthu wotere kumudzi ali ndi dzina."

"Nthirakuwiri!" chinauzidwa chitseko. "Tamufunsa mlendoyo, chitseko iwe. Banjali likatha, adzanyamula nawo katundu? Maliro akagwa pakhomo pano, adzagwira nawo khasu?"

Mkazi ndi mwamuna anayang'anana koyamba tsiku limenelo. Aliyense ankaoneka ngati munthu amene wapeza mnzake wapamtima akudya kwa mdani wake.

Aphunzitsi anakonza taye. "Bambo, chinthu ichi chawerenga mabuku ambiri kuposa ine ndi inu kuphatikiza. Tisachinyoze chifukwa choti sitikuchimvetsa."

"Sindikukana. Mwina pa kalata ya ku boma chindithandiza ine ndemwe. Koma inu mukudziwa mwambo kuposa ine. Nkhani ya m'nyumba ikamakambidwa, wopanda mbali amadikira panja."

Pamenepo sanathe kukana, chifukwa nawonso ndi munthu woleredwa. Kuchokera kuseri kwa chitseko kunatuluka dzanja litagwira lichero. Tinaikamo mafoni anayi, yanga yomwe, ndipo lichero linabwerera m'nyumba.

Ankhoswe amene anandiphunzitsa ntchitoyi ankati usafunse munthu dandaulo lake, ameneyo waliloweza kale. Umufunse la mnzake. Choncho ndinapempha mkamwini kuti atiuze, ndi pakamwa pake, chifukwa chimene mkazi wake akukanira kupita ku Chinguluwe. Dzanja lake linapita lokha m'thumba n'kubwerako lopanda kanthu.

"Akuti... analemba kuti malo ano ali ndi tanthauzo lalikulu pa moyo wake."

"Ndiye kuti chiyani?"

"Bizinesi yakeyi basi. Wasankha usipa, bambo anga ayi."

Ndinatembenukira kwa mkaziyo. "Nanga iwe, amuna ako akufuniranji kupita?"

"Akuti udindo wawo monga mwamuna. Ndiye kuti pano atopa kukhala pa malo a eni. Akufuna akandilamulire kwawo, amayi awo akuonerera."

Ndinatsamira khoma n'kudikira. Ntchito yaikulu ya nkhoswe ndi kukhala chete mpaka anthu atatopa nako, ndipo pa zimenezi Mulungu anandipatsa mphatso. Mthunzi unachoka pa masitepe n'kuyamba kukwera khonde. Aphunzitsi anatsokomola, anayang'ana pa mkono pamene panalibe wotchi, anatsokomolanso. Nkhuku inadutsa pakati pathu n'kubwereranso. Awiri aja milomo inkagwedera koma mawu osatuluka, ngati anthu ofuna kuyamba nyimbo imene aiwala poyambira pake. Mwezi umodzi wokha wolankhuliridwa, ndipo lilime linali litachita dzimbiri.

Anayamba ndi mkazi, chapansipansi.

"Usipa? Inu mukuti usipa?"

Kenako mawu ake akale aja anabwerera onse nthawi imodzi.

"Mwana wanga wagona kuseri kwa mitengo iyo! Ndikamapita kunyanja m'mawa ndimadutsa pamsewu paja, ndimadziwa kuti ali pomwepo. Mukufuna ndimusiye yekha ndikalime mpunga? Usipa uli ponseponse, bambo inu! Mwana wanga ali pamodzi pokha!"

Anali ndi mwana mmodzi yekha, wamkazi, ndipo anamwalira ndi malungo ali ndi zaka ziwiri, chaka chapitacho. Tonse amene tinali pakhondepo tinali pa maliro ake. Palibe mmodzi wa ife, ngakhale ine woganiza masiku atatu, amene anazilumikiza ndi nkhani ya chitengwa.

"Ndiye sunanene bwanji?" anafunsa mwamunayo.

"Ndinanena! Ndinachiuza kuti sindingasiye mwana wanga yekha m'dothi. Icho chinakonza kuti zimveke bwino. Nditawerenga ndinaona ngati zakomadi, ndinatumiza."

"Ndiye iwe ukuti ine ndikufuna kukulamula? Ndikulamule iweyo? Ndani anakwanitsapo? Bambo anga sakutha kudzuka. Amayi akuwanyamula okha, ndi msana wawo uja. Mchemwali wanga sangawasambitse, ukudziwa iwe. Mwamuna pakhomo paja ndine ndekha, ndipo ndili kuno kunyamulira alendo mbale!"

"Inu munalemba kuti udindo."

"Unkafuna ndilembe pa foni kuti bambo anga akudziipitsira pa mphasa?"

Kuyambira pamenepo sindingathe kulemba zonse, chifukwa zina siziyenera mkulu wa mpingo. Anakumbutsana za chaka cha ukwati. Mkazi anati mwamunayo sanalirepo pa maliro a mwana. Mwamuna anati analira kuseri kwa khitchini ya loji kwa miyezi itatu, ndipo wophika angachitire umboni. Mkazi anamutcha mbuzi yobisa bala. Mwamuna anati mkaziyo ndi wouma mutu ngati amake, ndipo atangotero anagwira pakamwa n'kuyang'ana kuchitseko.

"Wamva, chitseko iwe?" anatero mchemwali wanga, mawu ali okondwa. "Mkamwini wanga wabwerera."

Aphunzitsi anandigwira pa bondo. "Ankhoswe anzanga, zaipa izi. Aletseni."

"Asiyeni, akukambirana."

Anthu odutsa pamsewu ankachepetsa liwiro. Mayi wina woyandikana nawo, amene amayanika nsomba pamodzi ndi mwanayo, anasuzumira pampanda n'kuyamika Mulungu kuti alihamudulila, m'nyumba muno muli anthu. Pofika masana onse awiri mawu anali atasasa ndipo ankalira, aliyense payekha, koma atakhala pa mphasa imodzi.

Sitinagwirizane zokoma. Mfundo zisanu za aphunzitsi zinapita nawo ku Salima zisanawerengedwe, ndipo mwina zinali zanzeru, sindikudziwa. Ife tinangopeza imodzi, yopunduka. Mwamuna apite ku Chinguluwe akasamale bambo ake ndi munda. Mkazi atsale. Chitengwa sichinapemphedwe ndipo sichinakanidwe. Palibe amene anachoka atakhutira, ndipo palibe amene anauzidwa kuti maganizo ake ndi omveka. Mafoni atatuluka m'lichero, aliyense anatenga yake mwamanyazi ngati akutola chovala chamkati chimene chagwa pa chingwe.

Chinthucho sindinachichotse m'foni yanga. Tomato wanga atayamba kuda kunsi ndinachifunsa, ndipo chinandiuza zoona, kuti ndimathirira modukizadukiza. Pa nkhani ya tomato palibe mbali ziwiri, ndipo tomatoyo sanafunse. Awiri ajanso sanachisiye. Mkazi amachifunsa za kalembedwe ka mauthenga opita kwa ogula ake, ndipo akuba ovala mataye aja tsopano amathokozedwa chifukwa cha chidwi chawo.

Papita miyezi isanu ndi iwiri. Mkamwini anasiya ntchito ku loji, wada ndi dzuwa la ku sikimu, ndipo bambo ake akadali moyo, osachira komanso osaipiraipira. Mwezi ukawala kwambiri asodzi a usipa sapha zambiri, matandala amakhala opanda kanthu pafupifupi sabata, ndipo sabata imeneyo mwana wa mchemwali wanga amakwera minibasi kupita ku Chinguluwe. Palibe anamuuza kuti azitero. Mdima ukabwerera, iyenso amabwerera. Ngati banja lingakhale choncho zaka zingati, ine sindikudziwa. Tsiku lina nkhani ya chitengwa idzafikanso pakhonde paja, ndipo mmodzi wa iwo adzataya chinthu chimene sangachipezenso kwina.

Ulendo wapitawu atabwerako anadzera kwanga, atanyamula kathumba ka mpunga. Sanakhale n'komwe pansi, anayamba kudandaula. Mwamuna wake sadya pa nthawi yake. Mwamuna wake amanyamula bambo ake yekha osaitana anansi, adzathyoka msana. Mwamuna wake anamukalipira pamaso pa apongozi chifukwa chofuna kubwerera tsiku limodzi msanga, ndipo iye anamubwezera mpaka agalu anauwa.

Ndinamusiya mpaka anamaliza, kenako ndinamufunsa kuti nanga mwamunayo akuti chiyani.

"Akuti akandiperekeza pa siteji, pobwerera amaopa kulowa m'nyumba. Akuti m'nyumba muja mumanunkha matenda, ndipo ine ndikakhalapo mumanunkha usipa, bola usipawo." Anatula kathumba kaja pa tebulo. "Ndi chitsiru, amalume. Koma mwezi wamawa ndinyamuka Lachinayi, osadikira Loweruka."